Achinyamata ogwira ntchito ya kanthawi: lamulo likuwateteza mpaka pati?

Nyengo ya fodya ikafika kuno ku Kasungu, m'zigafa mumadzaza achinyamata osoka, osankha ndi odinda mabelo opita ku msika wa Chinkhoma, ndipo ena mwa iwo ndi ophunzira amene akusaka fizi. Anzawo ena ali m'maofesi a paboma kuphunzira ntchito, enanso akuthandiza mabungwe ngati mavolontiya. Onsewa amauzidwa kawirikawiri kuti popeza sanalembedwe ntchito yokhazikika, malamulo a ntchito sakuwakhudza, koma zimenezo si zoona nthawi zonse.

Lamulo la ntchito la chaka cha 2000, Employment Act, limayang'ana mmene munthu akugwirira ntchitoyo. Ngati amalandira malipiro, amadalira ndalamazo, ndipo amagwira zimene bwana walamula pa nthawi imene bwanayo waika, akhoza kuwerengedwa kuti ndi wantchito ngakhale pakontrakiti patalembedwa zina. Akatero, sayenera kulandira zochepera malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa, maola ake a masiku onse sayenera kupitirira 48 pa sabata, ndipo maola owonjezera amalipiridwa kamodzi ndi theka, kapena kawiri ngati ndi tsiku lake lopuma. Bwana amene ali ndi antchito asanu kapena kuposa ayeneranso kumupatsa chikalata cha mgwirizano pasanathe mwezi. Wobwerera kwa bwana yemweyo nyengo zotsatizana adziwe kuti miyezi yonse imene anagwira imaphatikizidwa ngati ntchito imodzi yosadukiza.

Makolo akumbukire kuti mwana wosafika zaka 14 saloledwa kulembedwa ntchito, ndipo wa zaka 14 mpaka 18 sayenera kupatsidwa ntchito yoopseza thanzi lake kapena yomujombetsa kusukulu. Kuthyola fodya wonyowa ndi mame kumalowetsa nikotini m'thupi kudzera pakhungu, mwana n'kuyamba chizungulire ndi kusanza, choncho si ntchito yoti mwana wa Fomu 2 azigwira.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ngozi. Lamulo la chipukuta misozi la 2000, Workers' Compensation Act, limateteza wantchito komanso wophunzira luso amene ali pa mgwirizano ndi bwana, ndipo udindo wolipira uli pa bwanayo. Mnyamata akapanidwa chala ndi jeke yodindira fodya, nkhaniyo isathere pa kumupatsa ndalama ya minibasi yopitira kuchipatala. Ngoziyo ikanenedwe ku ofesi ya zantchito ya boma, ndipo makalata a dokotala asungidwe bwino. Vuto limakula kwa wophunzira wa kukoleji amene watumizidwa kukaphunzira ntchito popanda malipiro, chifukwa koleji imaloza kampani, kampani n'kuloza koleji, pamene wovulalayo ali gone m'chipatala. Ndikulangiza kuti funso la amene adzalipire akavulala liyankhidwe polemba asanayambe, ndipo koleji imene imatumiza ophunzira popanda kukonza zimenezi ikulephera udindo wake.

Pa penshoni, lamulo la 2011, limene linalowedwa m'malo ndi la 2023, linakhazikitsa kuti bwana azisonkha 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito 5 peresenti. Antchito a nyengo anapatulidwa pa dongosololi pamene linkayamba, ndipo m'malo mwake anaikiridwa gratuity ya 5 peresenti ya malipiro a mwezi uliwonse, yolandira ntchito ikatha. Ndalama imeneyi ndi imene achinyamata ambiri amaisiya m'maesiteti chifukwa chosadziwa.

Volontiya weniweni, amene amabwera mwa kufuna kwake n'kumangobwezeredwa ndalama yoyendera, sangayembekezere penshoni kapena tchuthi cholipidwa. Koma bungwe limene limasunga munthu zaka, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, pa ntchito imene ena amalandirira salale, n'kumamupatsa kalawansi kokha, likudyera masuku pamutu mwana wa eni, ndipo nkhani yake ikhoza kuunikidwa.

Wodandaula ayambire ku ofesi ya zantchito ya paboma, atatenga kope lolembamo masiku ndi maola amene anagwira, mauthenga a pafoni ndi malisiti a Airtel Money kapena Mpamba. Ngati wachotsedwa mopanda chilungamo, dandaulo lifike pasanathe miyezi itatu, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku khoti la zantchito, Industrial Relations Court, ku Lilongwe.