Mfuti ya .22 yotsika mtengo: musanatulutse ndalama m'thumba

Pa ntchito yanga yokonza mfuti ndi kuphunzitsa anthu kuwombera chandamale, funso limene limabwera kawirikawiri ndi ili: "Bambo, kandalama kanga n'kochepa, ndigule iti yongosewerera Loweruka?" Mawu oti kusewerera ndimayamba ndawakana, pakuti mfuti ilibe yaing'ono. Koma funsolo ndi labwino, ndipo yankho langa silisintha: mfuti ya zipolopolo za .22 Long Rifle, yokoka ndi dzanja, ndipo ndalama zotsalazo muzisungire zipolopolo ndi bokosi lachitsulo lokhoma.

Tiyambe ndi chipolopolo chenichenicho, chifukwa kutsika mtengo konse kwachokera pamenepo. Zipolopolo za mfuti zazikulu zili ndi kabatani pakati kumbuyo kwake, pamene kachitsulo ka mfuti kamamenya kuti wonga uyake. Cha .22 chilibe kabatani. Mankhwala oyatsira wonga anawapaka m'kati mwa mkombero wa kachigoba kake, kuzungulira konse ngati mkombero wa lichero, ndipo kachitsulo kaja kamangophwanya m'mphepetemo. N'chifukwa chake amazitcha rimfire. Kuti mkombero uphwanyike, chigoba chiyenera kukhala chopyapyala, ndipo chigoba chopyapyala sichingapirire wonga wambiri. Zotsatira zake ndi mfuti yosakankha phewa, yosasokosa kwambiri, ya zipolopolo zotchipa kuposa za mfuti ina iliyonse ya wonga. Chipolopolochi chinatuluka mu 1887 ku kampani ya Stevens ku America, ndipo mpaka lero ndi chomwe amawombera pa mpikisano wa Olympics pa mtunda wa mamita 50. Kumeneko bwalo lapakati pa chandamale ndi la mamilimita 10.4 basi, locheperapo kuposa chikhadabo cha chala chachikulu.

Tsono mfuti zake. M'chigawo chino cha Africa, amene anakulira pa esiteti ya tiyi kapena ya fodya amalidziwa dzina la Brno. Mfuti ya Brno Model 2 ya ku Czechoslovakia ndi imene pambuyo pake inadzatchedwa CZ 452, kenaka kunabwera 455, ndipo lero kuli 457. Zakalezo ndazigwirapo zambiri, zina thabwa litachita kuda ndi thukuta la manja a anthu atatu kapena anayi, koma zikuwombabe molunjika. Norinco JW-15 ya ku China anaitengera pa Brno yomweyo. Ndi yokhakhala pokoka, chitsulo chake sanachisalaze bwino, koma mtengo wake ndi wotsika ndipo kwa wophunzira imakwana. Savage Mark II nayo ndi ya gulu lomweli, ndipo zambiri zimabwera ndi trigger (pokhethemulira ndi chala) imene mungaifewetse kapena kuilimbitsa. Zonsezi n'zokoka ndi dzanja: mukawomba kamodzi mumakweza chogwirira, kukokera kumbuyo, chigoba n'kugwa, n'kukankhiranso kutsogolo.

Achinyamata ambiri mtima wawo uli pa Ruger 10/22, imene inayamba kupangidwa mu 1964 ndipo imanyamula zipolopolo 10, kapena Marlin Model 60 ya mu 1960. Izi zimadzilowetsera zokha chipolopolo china mukangowomba. Ndi mfuti zabwino, sindizinyoza. Koma munthu woyamba kumene sindimulangiza zimenezi. Chala chimathamanga, kabokosi ka zipolopolo 50 kamatha ngati mtedza wokazinga, ndipo munthu amabwerera kunyumba asanaphunzire kanthu. Komanso zimasankha zipolopolo: zina zofooka sizikankha chitsulo mokwanira, mfuti n'kutsamwa. Kuno kwathu, kumene zipolopolo zimachokera kunja ndipo ndalama zakunja zikavuta mumagula zimene mwazipezazo, mfuti yosasankha chakudya ndiyo yokhala nayo. Yokoka ndi dzanja ilinso ndi ubwino wina umene ine ndimauika patsogolo: mukaitsegula, aliyense amene ali pafupi amaona ndi maso ake kuti mulibe kanthu.

Pa zipolopolo m'pamene anthu amataya ndalama mosadziwa. Amaona bokosi lolembedwa high velocity n'kuganiza kuti liwiro ndiye kulunjika. Ayi. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Chipolopolo chaliwiro chimatuluka mothamanga kuposa pamenepo, ndiye chikamafooka m'njira n'kutsikira pansi pa liwiro la phokoso, chimagwedezeka pang'ono. Cha standard velocity, ndiye kuti cha liwiro wamba, cholemera magalamu 2.6, chimatuluka kale chili pansi pa malirewo, choncho chimayenda mwabata mpaka pa pepala. Simufunika Eley Tenex, imene akatswiri a mipikisano amagula modula. Gulani timabokosi ta mitundu iwiri kapena itatu, tsamiritsani mfuti pa thumba la mchenga, muwombe zisanuzisanu pa mamita 25 kenaka 50, muone mtundu umene mabowo ake aunjikana pamodzi. Mfuti ziwiri za kampani imodzi zimatha kukonda zipolopolo zosiyana. Mukaupeza mtundu wake, kakamirani womwewo. Kupitirira mamita 50 musadabwe: pofika pa 100 chipolopolo chimakhala chitatsika masentimita 15 kapena kuposerapo, ndipo kamphepo ka mu Ogasiti kamachikankhira pambali mooneka.

Ngati mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito, musatengeke ndi kuwala kwa thabwa. Chotsani chokokera chija, muloze mpope kowala, musuzumire kuchokera kumbuyo. Mizere ya m'kati ioneke bwino, popanda timaenje ta dzimbiri. Chinyezi cha dzinja ndi mvula yamawawa ya chiperoni zawononga mfuti zambiri mu Blantyre muno kuposa kuwomba, makamaka zimene zinasungidwa m'chikwama cha nsalu kuseri kwa wadiropu. Yang'ananinso pakamwa pa mpope, chifukwa pakakumbika ngakhale pang'ono kulunjika kwatha. Kenaka onani m'mphepete mwa polowera chipolopolo. Mukapezapo kachibowo, dziwani kuti mwini wake ankakonda kuikhethemula mulibe chipolopolo, kachitsulo komenya chipolopolo kaja n'kumamenya chitsulo chinzake. Mfuti zakale za rimfire zimapweteka nazo zimenezi, ndipo zigoba zimayamba kukanirira. Za galasi loonera patali musafulumire. Yambani ndi zoyang'anira zachitsulo zimene zilipo kale, ndipo mukadzafuna galasi, laling'ono lokuza kanayi likukwanirani.

Zonsezi zimabwera pambuyo pa chilolezo. Lamulo la Firearms Act limafuna kuti aliyense wosunga mfuti kapena zipolopolo akhale ndi chiphaso, ndipo nkhani zake zimayendetsedwa ndi apolisi. Pitani mukafunse ndondomeko musanapereke ndi tambala yomwe. Mnzanu akakuuzani kuti ali ndi .22 ya malemu agogo ake, mungopatsana pamanja, kanani, ngakhale mtengo ukome chotani. Chimodzimodzinso kugula ku Johannesburg n'kuiika pansi pa katundu kuti idutse pa Mwanza: popanda chilolezo cholowetsera m'dziko, umenewo ndi mlandu waukulu.

Chimene chimandisowetsa tulo kwenikweni ndi malo owomberako. Pa mabokosi ambiri a .22 analembapo chenjezo lakuti chipolopolo n'choopsa mpaka mtunda wa mailosi imodzi ndi theka, amene ndi makilomita 2.4. Taganizani mutaima m'munsi mwa phiri la Ndirande kapena la Soche, m'makilomita awiri ndi theka kutsogolo kwanu muli nyumba zingati, masukulu angati, amayi angati otola nkhuni amene simukuwaona. Kuseri kwa nyumba ku Chilomoni kapena ku Bangwe si malo owomberako, ngakhale mpanda utalike. Ndipo mapiri athuwa ndi amiyala. Chipolopolo cha .22 n'cha mtovu ndipo sichithamanga kwambiri, choncho chikagunda mwala kapena madzi sichiphwanyika nthawi zonse, chimanjanja n'kulowera kwina. Tsiku lina ndili mnyamata, pa munda wina kunja kwa tauni, tinaika chitini pamwamba pa mwala. Nditawomba ndinamva kulira kwa chipolopolo chikudutsa chammbali, cha kumene kunali mbuzi ndi kamnyamata kozidyetsa. Palibe anavulala, koma miyendo inandinjenjemera mpaka madzulo, ndipo chiyambire tsiku limenelo sindiika chandamale pamalo popanda mulu wa dothi lofewa kumbuyo kwake, wautali kuposa munthu, wopanda miyala.

Wophunzira wanga aliyense amavala magalasi ndi zotseka m'makutu, ngakhale anene kuti .22 silira kwambiri, chifukwa makutu amafa pang'onopang'ono mwini wake osazindikira. Tikamaliza amasamba m'manja ndi sopo asanagwire chakudya, pakuti mtovu umatsalira m'zala. Pofika kunyumba mfuti aipukute ndi kansalu ka mafuta, aikhomere m'bokosi lachitsulo, zipolopolo azikhomere pena, ndipo makiyi asakhale pamene ana amadziwa.