Mwana wa autism amamva chisoni ndi chimwemwe

Kutchalitchi kwathu kuno ku Johannesburg ndamva amayi ena akunong'onezana kuti mwana wa autism ali ndi mtima wamwala, sadziwa chisoni. Ena mpaka amati analodzedwa. Bodza limeneli limandiwawa.

Autism ndi kakulidwe kosiyana ka ubongo. N'zoona kuti ana ambiri a autism amavutika kuzindikira ngati mawu a mayi ndi okalipa kapena anthabwala. Koma pa nyimbo, ofufuza apeza kuti ambiri amasiyanitsa bwinobwino yachisoni ndi yachimwemwe. Mudzamuone mwana wotere kwaya ikayamba: ali tcheru, thupi likuwedezeka pang'onopang'ono.

Akatseka makutu pa Bree, pamalo okwerera matekisi mu Johannesburg muno, mahutala a matekisi ali pokopoko, si mwano ayi, phokosolo limamulasa. Mukakwiya kapena kukondwa naye, muuzeni ndi mawu omveka: "Ndakondwa nawe, mwanawe."