Tsiku limene Ernst Toller anapatsidwa mpata wolankhula

Mu Epulo 2024 bungwe la PEN America, nthambi ya ku United States ya bungwe la alembi a padziko lonse la PEN, linalephera kuchita mwambo wake wopereka mphoto. Alembi ambiri amene ankapikisana anachotsa mayina awo, ponena kuti bungweli likuchita chidodo kudzudzula kuphedwa kwa alembi ndi atolankhani ku Gaza. Pasanapite nthawi, chikondwerero chake cha World Voices nachonso chinalephereka. Ena anadandaula kuti ndale zalowa m'nyumba ya alembi, ngati kuti zalowa dzulo. Zinalowa kalekale, ndipo mwezi wake ukudziwika.

PEN inayamba ngati phwando la chakudya chamadzulo. Pa 5 Okutobala 1921 mayi Catherine Amy Dawson Scott anaitana alembi anzawo ku London, ndipo John Galsworthy anakhala mtsogoleri woyamba. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inali itangotha kumene. Cholinga chinali chakuti mlembi wa ku France ndi wa ku Germany adyere patebulo limodzi, za maboma awo azisiye pakhomo. Galsworthy anagwiritsitsa mfundo imeneyi mpaka imfa yake pa 31 Januwale 1933, tsiku limodzi Hitler atangopatsidwa udindo wotsogolera boma la Germany.

Usiku wa pa 10 Meyi 1933, ophunzira a kuyunivesite anatentha mabuku pafupifupi 20,000 pabwalo la Opernplatz ku Berlin. Patangodutsa masabata awiri, nthumwi za PEN zinakumana ku Dubrovnik, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja umene pa nthawiyo unali m'dziko la Yugoslavia. Pampando panali H.G. Wells, mlembi wa ku Britain amene analowa m'malo mwa Galsworthy. Nthambi ya ku Germany inabwera itasesa kale m'nyumba mwake: Ayuda ndi onse osagwirizana ndi boma anali atachotsedwa, ndipo Alfred Kerr, amene ankaitsogolera, anali atathawa m'dzikomo.

Nthumwi zambiri zinkafuna mtendere. Panakonzedwa chiganizo cha mawu ofewa chokamba za ufulu wa mabuku, ndipo Ajeremani anali okonzeka kuchilola malinga pasakhale zokambirana. Apa mpamene panagona nkhani. Hermon Ould, mlembi wamkulu wa bungweli, anaimirira nkuwafunsa pamaso pa onse ngati anatsutsapo kutenthedwa kwa mabuku, ndiponso ngati zinali zoona kuti anachotsa anzawo chifukwa cha mtundu ndi maganizo awo. Yankho silinabwere. M'holomo munalinso Ernst Toller, Myuda wolemba masewero, amene mabuku ake anali m'gulu la otenthedwa aja. Ajeremani sankafuna kuti atsegule pakamwa. Wells atalamula kuti zokambirana zichitike ndipo Toller alankhule, iwo ananyamuka nkutuluka, nthumwi zina za mayiko oyandikana nawo zikuwatsatira. Toller atapeza mpata, anatchula mayina a alembi amene mabuku awo anaponyedwa pamoto, mmodzimmodzi.

Olemba mbiri amasiyana pa zimene zinatsatira. Mabuku a PEN yeniyeniyo amakonda kunena kuti nthambi ya ku Germany inachotsedwa. Ofufuza ena amati inachoka yokha mu Novembala 1933, itaona kuti akuluakulu a ku London agamula kuti kusankha mamembala potengera mtundu kapena ndale nkosaloleka. Zonse ziwiri zili ndi choonadi chake, koma yoyambayo imalipatsa bungweli ulemu wochuluka kuposa umene linagwirira ntchito. Ambiri m'holo muja ankaopa kugawa bungwe, ndipo mantha awo sanali opusa: nthambi ikachoka, alembi otsala m'dzikomo amasowa khomo logogoda. Komabe ndikawerenga za masiku amenewo, mtima wanga umakhala kwa munthu amene analibenso kwawo, yemwe anthu ankakangana ngati nkoyenera kumulola kutchula mayina.

Zotsatira zake zinabwera pang'onopang'ono. Mu 1934 alembi othawa Hitler anakhazikitsa nthambi yawoyawo kunja kwa Germany, Heinrich Mann ali mtsogoleri. Mu 1948 ku Copenhagen nthumwi za PEN zinavomereza chikalata cha mfundo za bungweli, chimene chimalamula membala aliyense kutsutsa kuponderezedwa kwa ufulu wolankhula m'dziko lake ngakhalenso kwina. Mu 1960 munabadwa komiti yoona za alembi amene ali m'ndende, ndipo kuyambira 1981, tsiku la 15 Novembala ndi lokumbukira alembi omangidwa. Pamisonkhano yawo amaika mpando wopanda munthu, kuimira amene sanathe kubwera.

Makalata awo nthawi zina amathandiza, nthawi zina ayi. Jack Mapanje anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu, alembi a mayiko ambiri akulembera boma la Dr Banda mosalekeza, ndipo anatuluka wamoyo. Analembanso makalata chimodzimodzi pofuna kupulumutsa Ken Saro-Wiwa, mlembi wa ku Nigeria, koma boma la asilikali la Sani Abacha linamunyonga pamodzi ndi anzake asanu ndi atatu ku Port Harcourt pa 10 Novembala 1995.

Toller yemwe, miyezi itatu chichokereni ku Dubrovnik, dzina lake linatuluka pamndandanda woyamba wa anthu olandidwa unzika wa Germany, limodzi ndi la Kerr ndi la Heinrich Mann. Anadzipha mu hotela ina ku New York mu Meyi 1939.