Kompyuta ikafa, hard drive yake musaitaye

Anthu ambiri amandibweretsera laputopu yoti yasiya kuyaka, nkhope zili zakugwa, n'kumafunsa ngati zithunzi ndi zolemba zawo zapita nayo limodzi. Kawirikawiri zimakhala zilipo. Chimene chafa chimakhala bodi yaikulu, sikirini kapena polowera magetsi, pamene hard drive, yomwe imasunga mafayilo onse, ili bwinobwino m'katimo. Mukhoza kuitulutsa, kuiika m'kabokosi kamene timakatcha enclosure, n'kumaigwiritsa ntchito ngati flash yaikulu yolumikiza pa USB. Amene mwachotsa hard drive n'kuikapo SSD, chosungira mafayilo cha mtundu watsopano, kuti makina azithamanga, nkhaniyi ndi yanunso.

Musathamangire kugula kabokosiko musanaione hard drive yanu ndi maso. Apa m'pamene ambiri amataya ndalama. Zimitsani kompyuta, zulani chingwe cha magetsi, chotsani batire ngati ndi yochotseka, ndipo mugwire kaye chitsulo china kuti magetsi a m'thupi mwanu asawononge tizipangizo. Mukamasula timasikuluu, ikokeni hard drive-yo pang'onopang'ono, muigwire m'mbali, osati pakabodi kamene kali kunsi kwake.

Tsopano iyang'aneni. Ya laputopu ndi yaing'ono, ya mainchesi 2.5, yokwana m'thumba la malaya. Ya kompyuta ya patebulo ndi ya mainchesi 3.5, yolemera ndithu m'manja. Kusiyanaku si kwa kukula kokha ayi. Yaing'onoyo imayenda ndi mavoti 5, omwe USB imapereka yokha, choncho chingwe chimodzi chimakwanira. Yaikuluyo imafunanso mavoti 12 kuti mota wake azungulitse timbale ta m'kati, ndipo USB wamba sipereka amenewo. Kabokosi kake kamayenera kubwera ndi adaputala yakeyake yolumikiza kukhoma. Ndaonapo anthu akuiweruza hard drive yamoyo kuti yafa, chonsecho inangosowa magetsi.

Kenako onani polumikizira. Zambiri za masiku ano ndi za SATA: tizigawo tiwiri tathyathyathya toyandikana, kakafupi ka timano 7 kodutsa mafayilo ndi kotalika ka timano 15 ka magetsi. Mukaona mizere iwiri ya timano tosongoka ngati singano, imeneyo ndi IDE yakale ija, ndipo silowa m'kabokosi ka SATA. Ngati mwapeza kabodi kopyapyala kotalikirapo, ndi SSD ya M.2, yomwe ilinso mitundu iwiri, NVMe ndi SATA. Werengani zolembedwa pamwamba pake musanagule.

Za USB, ine ndimati sankhani 3.0 kapena yoposa apo. USB 2.0 imakopa mafayilo pa liwiro la mamegabaiti pafupifupi 35 pa sekondi, pamene hard drive yabwino imatha kupitirira 100. Pa mavidiyo kusiyanako mumakumva. USB 3.0 imaperekanso magetsi ochulukirapo, ndipo polowetsera pake nthawi zambiri pamakhala pa buluu.

Kuika n'kosavuta: lowetsani, kankhani mpaka igwire, tsekani. Ikagwedera m'kati, ikanipo kasiponji kamene kamabwera ndi timabokosi tambiri.

Pomwe ndimafuna mutchere khutu ndi apa. Mukailumikiza, Windows ikhoza kutulutsa uthenga woti hard drive-yo iyenera kufomatidwa isanagwire ntchito. Ngati muli mafayilo amene mukuwafuna, kanani, chifukwa kufomata kumafufuta zonse. Uthengawo umabwera ngakhale mafayilo ali momwemo, mwachitsanzo ngati hard drive inachokera mu Mac kapena mu Linux, chifukwa Windows siwerenga kasanjidwe ka makina amenewo payokha. Ikapanda kuoneka n'komwe, tsegulani Disk Management, pulogalamu ya mu Windows yoonetsa ma hard drive onse; mwina yangosowa chilembo monga E kapena F, ndipo mukhoza kuipatsa. Ikapempha kiyi ya BitLocker, ndiye kuti inatsekedwa, ndipo kiyi ya manambala 48 imeneyo imapezeka nthawi zambiri mu akaunti yanu ya Microsoft. Zinthu zanu muzifune mu foda ya Users, pansi pa dzina lanu.

Mukasamutsa zonse zofunika, m'pamene mungafomate kuti muchotse Windows yakale yomwe ikungodya malo. Pofomata mumasankha kasanjidwe ka mafayilo: NTFS ndi yabwino ngati mumagwiritsa ntchito Windows yokha. Mac imaiwerenga koma siilembapo. ExFAT imagwira konsekonse. FAT32 ipeweni, chifukwa imakana fayilo yopitirira magigabaiti 4.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'choti kabokosi katsopano kamaiwalitsa munthu kuti m'katimo muli chipangizo chokalamba. Timbale take timazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, kamutu kowerenga kakuyandama pafupi kwambiri osakhudza. Kugwa kamodzi ikuzungulira kukhoza kukanda timbaleto. Choncho musaisunthe ikugwira ntchito, ndipo muzidina Eject musanazule chingwe. Pulogalamu yaulere ngati CrystalDiskInfo imakuonetsani maola amene yagwira ntchito komanso ngati yayamba kukhala ndi malo owonongeka. Ikalemba kuti Caution, hard drive-yo musaisungitse zithunzi za ana anu zomwe mulibe kwina. Ndipo mukamva ikulira kuti ke, ke, ke mobwerezabwereza, izimitseni pompo, musayeserenso, muipereke kwa katswiri wopulumutsa mafayilo, chifukwa kuyatsa kulikonse kukhoza kuwonjezera zipsera pa timbale tija.