Chimene Chinachotsa Bryce Harper Kumapeto kwa Bwalo

Pantchito yanga yothandiza osewera ovulala, funso limene ndimamva kwambiri, bala lisanapole n'komwe, ndi lakuti, "Kodi ndidzabwereranso pamalo panga?" Nthawi zina yankho loona limakhala lakuti ayi. Nkhani ya Bryce Harper wa timu ya baseball ya Philadelphia Phillies ku America imandithandiza kufotokoza kuti ayi ameneyu si kutha kwa munthu.

Bwalo lamkati la baseball lili ndi ngodya zinayi, zotalikirana mamita 27. Womenya mpira akaumenya amathamangira ngodya yoyamba, yotchedwa first base. Pamenepo pamaima mdani wake, phazi lili pa base, kudikira kuwakha mpira umene anzake amuponyere wothamangayo asanafike. Ntchito yake ndi yowakha. Kuponya amaponya mwa apo ndi apo, ndipo ndi pafupi.

Harper sanali wa pamenepo. Ankasewera kumapeto kwa bwalo, mbali ya kumanja, kumene munthu amatola mpira n'kuuponya ndi mphamvu zake zonse kuchokera kutali. Mu 2022 mtsempha wa m'chigongono chake cha kumanja unang'ambika, ndipo mu Novembala chaka chomwecho anamuchita opaleshoni imene amaitcha Tommy John: madokotala amatenga mtsempha kwina m'thupi n'kuusokerera pamene pang'ambikapo. Pa 2 Meyi 2023 anali atabwerera kale, koma kudzangomenya basi. Chigongono chotere chimalola ndodo yomenyera mpira msanga, koma kuponya kutali chimachedwa nako.

Vuto linali lakuti timu imaloledwa munthu mmodzi yekha womenya osagwira ntchito m'bwalo, amene amamutcha DH. Harper atakhala pamenepo, Kyle Schwarber, katswiri pa ndodo koma wolemera miyendo, anayenera kumathamangitsa mipira kumapeto kwa bwalo tsiku ndi tsiku. Komanso pa first base panali posowa mwini, chifukwa Rhys Hoskins anavulala bondo mu Malichi, ligi isanayambe. Ndiye taonani: kusuntha munthu mmodzi, Harper, kupita pa first base kunateteza mkono wake, kunatseka mpata wa Hoskins, n'kumasula Schwarber kuti akhale DH. Harper, amene timu inamupatsa mgwirizano wa zaka 13 wa madola 330 miliyoni mu 2019, anavomera kuphunzira ntchito yatsopano ali ndi zaka 30.

Chimene chimandipweteka ndi kumva anthu akunena kuti first base ndi mopumulira okalamba. Kaimeni pamenepo muone! Mnzanu waponya mothamanga, mpira wagunda dothi patsogolo panu n'kudumpha mosadziwika, inu mwatambasula mwendo mpaka ntchafu kuwawa, chala cha phazi chisachoke pa base, kwinaku chimunthu chikubwera ndi liwiro lonse pafupi ndi kakolo wa phazi lanu. Tsiku lake loyamba pamalopo, pa 21 Julayi 2023 ku Cleveland, Harper anatsatira mpira wam'mwamba mpaka kugwera m'malo a ojambula zithunzi, mpirawo uli m'manja.

Mu Novembala 2023 Phillies inalengeza kuti Harper akhazikika pa first base. Amene analipira mtengo wake ndi Hoskins. Bondo lake linapola, koma anapeza malo ake atatengedwa m'timu yokhayo imene anaisewerera chiyambire, ndipo mu Januwale 2024 anasamukira ku Milwaukee Brewers.