Mwana wotupa zala, wothera magazi pafupipafupi: kamuyezetseni sickle cell

Mwana wa miyezi 6 watupa zala ndi mapazi, akulira usiku wonse, maso achita chikasu. Kuchipatala amuyeza malungo, sanapezeke. Sipanapite nthawi, magazi amuthera, amuwonjezera ena. Zikabwerezabwereza, pamudzi pamabuka mawu: ena amati ndi tsempho, ena ufiti, ndipo akuchimuna amaloza chala mayi.

Kawirikawiri amenewa amakhala matenda a sickle cell, ochokera kumtundu. Maselo ofiira a magazi amapindika ngati chisikilo n'kumatseka timitsempha, n'chifukwa chake mwana amamva ululu wosaneneka m'mafupa. Maselo abwinobwino amakhala masiku pafupifupi 120, pomwe opindikawa amafa pakati pa masiku 10 ndi 20, motero magazi amatha msanga.

Apa tinene mosapsatira. Mwana sadwala pokhapokha atatengera kwa bambo ndi mayi omwe. Makolo onsewo akhoza kukhala athanzi, olima ndi kusenza madzi, koma ali ndi mbewu ya matendawa m'magazi osadziwa. Zikakhala choncho, pa mimba iliyonse pamakhala kuthekera kumodzi mwa 4 koti mwana abadwe nawo. Mimba iliyonse payokha: woyamba akadwala, sindiye kuti atatu otsatira apulumuka.

Vuto la kumudzi ndi mtunda. Chithandizo chakhala chikupezeka makamaka kuzipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre. Tsopano chikuyandikira. Ku Neno, makiliniki a PEN-Plus, njira yofikitsira chithandizo cha matenda aakulu osapatsirana kuzipatala za m'maboma, amasamalira odwalawa pachipatala cha boma lomwelo, ndipo mu 2022 maiko a mu Africa a m'bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO adagwirizana zofalitsa njirayi. Kulinso kachida koyezera dontho la magazi a pachala, kofanana ndi ka malungo, ngakhale sikanafike paliponse.

Mukapita kusikelo, onetsani buku la kuchipatala kwa mlangizi wa zaumoyo kapena dokotala, muwauze kuti mwana wawonjezeredwa magazi kangati, ndipo pemphani kalata yokayezetsa. Abale ake a bere limodzi ayezedwenso.

Akapezeka nawo, amapatsidwa penicillin, folic acid, mankhwala oteteza malungo, ndipo ena hydroxyurea wochepetsa ululu wobwerabwera. Azigona m'masikito, azimwa madzi ambiri, mumufunditse m'nyengo yozizira ya June ndi July. Thupi likatentha, akamapuma movutikira, kapena mbali imodzi ya thupi ikafooka, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku.