Gift Aid ndi kampeni zosonkhetsa ndalama pa intaneti: mafunso ndi mayankho

Anthu osonkhetsa ndalama zachifundo ku United Kingdom amaswa mitu posaka njira yokopera opereka: wina athamanga mtunda wautali, wina ameta mpala, wina ajambula kanema pa foni. Koma ndi ochepa amene amayamba afunsa ngati njirayo ilola kuti boma liwonjezerepo gawo lake. Zimandiwawa kuona anthu akukhetsa thukuta mwezi wathunthu, kenako n'kutaya ndalama zochuluka chifukwa cha kabokosi kamodzi kosachonga.

Kodi Gift Aid n'chiyani?

Ndi dongosolo la boma la UK limene linayamba mu 1990. Munthu wolipira msonkho akapereka mphatso ya ndalama ku bungwe lachifundo, bungwelo limaitanitsa ku HMRC, nthambi yotolera misonkho, msonkho umene munthuyo anadulidwa kale pa ndalamazo. Pa £1 iliyonse bungwe limalandira 25p yowonjezera. Mukapereka £100, bungwe limakhala ndi £125, inu osatulutsanso kanthu m'thumba. Poyamba dongosololi linkakhudza mphatso zoyambira £600 kupita m'mwamba, koma malirewo anachotsedwa mu 2000.

Kodi 25p imeneyi ndi yoti n'kuvutikira?

Mu April 2020, Captain Tom Moore, ali ndi zaka 99, anayenda maulendo 100 m'bwalo la kunyumba kwake pofuna kupeza £1,000 yothandizira NHS Charities Together, mgwirizano wa mabungwe achifundo othandiza zipatala za boma ku UK. Kudzera pa JustGiving, webusaiti yosonkhetsera ndalama, anthu anapereka ndalama zoposa £32 miliyoni. Ataphatikiza Gift Aid, zonse zinayandikira £39 miliyoni. Mapaundi pafupifupi 6 miliyoni amenewo sanafune kuti mkuluyo aponyenso phazi. Anachokera kwa anthu amene anachonga kabokosi kovomereza Gift Aid popereka.

Ndani angachonge kabokosiko?

Yekhayo amene walipira msonkho wa pa malipiro, kapena wa pa phindu logulitsa katundu, ku UK m'chaka cha msonkho chimenecho. Chakacho chimayamba pa 6 April n'kutha pa 5 April. Msonkho umene walipira usachepere ndalama zimene mabungwe onse amene wawapatsa adzaitanitse. Msonkho wa VAT ndi wa khonsolo suwerengedwa. Wina akachonga pamene sanalipire msonkho wokwanira, HMRC ikhoza kumuuza kuti abweze yekha zoperewerazo. Choncho musamakakamize aliyense. Wophunzira amene sali pa ntchito, kapena mbale amene akutumiza ndalama ali kudziko lina ndipo salipira msonkho ku UK, apereke ndithu koma kabokosiko akasiye.

Wopereka amalemba dzina lake lonse ndi adiresi ya kumene amakhala, osati ya kuntchito. Chilolezo chimodzi chingathe kukhudza mphatso za m'tsogolo komanso za zaka zinayi zapitazo.

Tatsegula tsamba losonkhera ndalama za mnzathu wodwala. Tilandira Gift Aid?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amakhumudwa. Ndalama zopita kwa munthu payekha, kaya cholinga chake n'chabwino chotani, sizilandira Gift Aid. Ziyenera kupita ku bungwe lachifundo la ku UK lovomerezeka ndi HMRC, kapena ku kalabu yamasewera ya m'dera yolembetsedwa. Pa JustGiving pali mitundu iwiri ya masamba, lina losonkhera bungwe ndi lina losonkhera munthu kapena gulu wamba, ndipo amaoneka ofanana. Onetsetsani mtundu wake musanatumize linki kwa anthu. Bungwelo likhoza kumagwira ntchito zake kumayiko ena, zimenezo si vuto.

Ndi njira ziti zosonkhetsera zimene zimayenda bwino ndi lamuloli?

Mfundo yake ndi imodzi: ndalamazo zikhale mphatso yeniyeni, osati malipiro a chinthu. Mukaigwira imeneyi, zina zonse muziona nokha.

N'chifukwa chake kampeni zodziyesa mphamvu zimakhala bwino kwambiri. Wothamanga London Marathon, woweta ndevu za pamlomo mwezi wa November m'kampeni ya Movember, wosewera gemu usiku wonse anthu akuonera pa intaneti, kapena wopempha anzake kuti m'malo momugulira mphatso ya tsiku lobadwa apereke ku bungwe: onsewa sagulitsa kanthu. Woperekayo sabwerera ndi chilichonse m'manja. Ice Bucket Challenge ya mu 2014, pamene anthu ankadzithira madzi ozizira n'kutchula anzawo kuti nawonso atero, inali ya mtundu womwewu.

Matikiti a mayere, matikiti olowera ku konsati ndi makeke ogulitsa pa mtengo woikika sizilandira Gift Aid, chifukwa munthu wagula chinthu kapena mwayi wopata mphoto. Sindikunena kuti muzisiye, poti zimasonkhanitsa anthu ndipo zimasangalatsa. Koma ngati mukuchita phwando, ikani mtengo wa tikiti wongokwanira, ndipo pambali pemphani mphatso yaufulu. Mphatso yapambaliyo, malinga ngati munthu angalowe ngakhale osaipereka, ikhoza kulandira Gift Aid. Kamphatso kothokozera n'kololedwa, koma pa chopereka chosapitirira £100 mtengo wake usapose gawo limodzi mwa magawo anayi a choperekacho.

Chenjezo lina likukhudza maulendo okwera mapiri kunja. Ngati bungwe likulipirako ulendo wanu kuchokera pa zosonkhedwazo, zopereka za abale anu apafupi, monga mkazi kapena mwamuna wanu, makolo ndi ana, sizilandira Gift Aid. Mukadzilipirira nokha ulendo wonse, vutolo palibe.

Anzanga akuntchito andipatsa ndalama pamanja. Ndiziike pa tsamba m'dzina langa n'kuchonga?

Musatero. Gift Aid imakhudza ndalama zanuzanu zokha. Aliyense apereke yekha pa linki, kapena alembe pa fomu dzina, adiresi ndi kuchonga kwake. Ndalama za kampani nazonso sizilowa m'dongosololi. Kampani ili ndi njira yake yochotsera mphatso pa phindu lake isanalipire msonkho.

Nanga ndalama zoponya m'ndowa kapena zogunditsa kadi pa kamakina?

Pali dongosolo lina la mphatso zing'onozing'ono lotchedwa GASDS. Pa mphatso ya £30 kapena kucheperapo, yapamanja kapena yogunditsa kadi, bungwe likhoza kuitanitsa 25p pa paundi popanda fomu, mpaka pa zopereka zokwana £8,000 pa chaka. Bungwelo liyenera kukhala likuitanitsanso Gift Aid wamba m'chaka chomwecho.

Kodi zingaphatikizidwe ndi kampeni zowirikiza zopereka?

Inde. M'kampeni ngati Christmas Challenge ya Big Give, pamakhala thumba limene limawirikiza zimene anthu apereka pa intaneti m'sabata ya kampeniyo. Mukapereka £10, thumbalo liwonjezera £10, ndipo Gift Aid iwonjezera £2.50 pa gawo lanu lokha. Bungwe lilandira £22.50. Muziwauza anthu masamu amenewa mu uthenga wanu woyamba, chifukwa munthu amafulumira kupereka akaona pamene £10 yake ikafike.

Woperekayo amapindulapo kanthu?

Wolipira msonkho wa 20 peresenti sabwezeredwa kanthu. Wolipira wa 40 peresenti akhoza kuitanitsa kusiyana kwake: pa mphatso ya £100, imene imasanduka £125, iye angabwezeredwe £25. Amachita izi polemba mphatsoyo pa fomu yake ya msonkho ya Self Assessment, kapena popempha HMRC kuti isinthe nambala imene imasonyeza msonkho woti azidulidwa pa malipiro (tax code). Asunge maimelo otsimikizira zopereka zake, chifukwa ndiwo umboni wa tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama.